Za M'banja Salowerera? Malangizo kwa Achinyamata a ku Bangula

Ana anga, anyamata ndi atsikana a ku Bangula, a ku Phokera, Tengani, Sorgin ndi Ngabu, pamodzi ndi inu a kutsidya kwa Shire ku Makhanga ndi Muona, pali mawu amene mwakula mukuwamva mpaka ena mwa inu mwayamba kuwayesa lamulo. Mawuwo ndi akuti za m'banja salowerera. Pa zinthu zina mawu amenewa ndi oona, pakuti palibe amene angafunse banja la eni chifukwa chimene lagulitsira mbuzi kapena lalimira mapira m'malo mwa thonje. Koma mawu omwewa ndi amene amanenedwanso usiku, mayi akamakuwa m'nyumba yoyandikana nafe, ife n'kukweza wailesi kuti tisamve. Ndi amene amanenedwa kamtsikana ka sitandade 7 kakasowa m'kalasi, n'kumveka kuti kali pa banja ndi bambo wa msinkhu wa atate ake. Choncho ndikufuna kuti mugwire chinthu chimodzi. Munthu akamamenyedwa, akamagwiriridwa, akamakakamizidwa ukwati kapena kulandidwa chake, nkhaniyo yasiya kukhala ya m'banja. Ufulu wachibadwidwe wa munthu waphwanyidwa, ndipo aliyense amene wamva kapena waona ali ndi udindo.

Tiyambe ndi kukula kwa vutoli, chifukwa ena amati nkhanza zimachitika mwa apo ndi apo, m'nyumba za zidakwa zokha. Kafukufuku wa boma wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka za pakati pa 15 ndi 49, amayi 34 anamenyedwapo kapena kuvulazidwa chifikireni zaka 15. Mwa amayi amene anakwatiwapo, 42 pa 100 alionse anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Mwa amayi a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 pa 100 alionse anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Ndipo pafupifupi theka la amene anachitidwa nkhanza sanauze munthu aliyense. Chinthu chimene chikuchitika m'nyumba zinayi mwa nyumba khumi zilizonse sichingakhale ngozi ya banja limodzi. Ndi chizolowezi chimene mudzi wonse umachidziwa ndi kuchilekerera. Tonse timamudziwa mayi amene amafika pamjigo m'mawa atafunda chitenje mbali imodzi ya nkhope, n'kunena kuti anagunda chitseko mumdima. Anzake amati pepani, amamusenzetsa ndowa, aliyense akudziwa kuti chitseko sichisiya zizindikiro za zala pakhosi. Kukhala chete kotereku ndiko kumalimbitsa mkono wa womenyayo.

Tikamati nkhaniyi ndi ya ufulu wachibadwidwe, tikutanthauza kuti ulemu wa munthu suchokera kwa mwamuna wake, kwa atate ake kapena kwa mfumu, ndiye palibe mwa iwowa amene angauchotse. Malamulo aakulu a dziko lathu, amene tinayamba kugwiritsa ntchito mu 1994, amateteza ulemu wa munthu aliyense m'gawo 19 ndi kuletsa kuzunza kapena kunyazitsa munthu. Gawo 20 limaletsa tsankho, kuphatikizapo losala munthu chifukwa ndi mkazi. Gawo 24 limakamba za amayi mwachindunji, ndipo limalamula kuti pakhale malamulo othetsa miyambo ndi machitidwe owapondereza, makamaka nkhanza, kugwiririra ndi kuwalanda katundu. M'magawo onsewa mulibe pamene panalembedwa kuti ufuluwo umatha munthu akalowa m'nyumba ya mwamuna wake. Dziko lapansi nalo linatenga nthawi kuti livomereze zimenezi. Kwa zaka zambiri anthu akamakamba za ufulu ankaganiza za andende ndi andale ozunzidwa ndi maboma, kufikira amayi ataonetsa kuti kwa ambiri a iwo malo oopsa kwambiri ndi kunyumba. Pamsonkhano wa ku Vienna mu 1993, ndiponso m'chikalata cha bungwe la United Nations cha mu Disembala chaka chomwecho, mayiko anavomereza kuti nkhanza kwa amayi, ngakhale zochitikira m'banja, n'kuphwanya ufulu wa munthu, ndipo boma limene likungoyang'ana nalonso lalakwa. Potsindika mfundo yomweyi, masiku 16 olimbana ndi nkhanza amayamba pa 25 Novembala n'kutha pa 10 Disembala, tsiku lokumbukira ufulu wachibadwidwe.

Kuno kwathu mfundo imeneyi inasanduka malamulo amene muyenera kuwadziwa. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 silikamba za kumenya kokha. Limatchulanso kukakamiza kugonana, kuopseza, kunyoza kosalekeza ndi kumana munthu thandizo la pakhomo mwadala. Limapatsa khothi mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira amene akumuzunza, ngakhale kumutulutsa m'nyumba kuti mayi ndi ana akhale mwamtendere, ndipo limalola kuti anthu ena, monga kholo kapena wapolisi, akapemphe chitetezocho m'malo mwa wozunzidwayo. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Lamulo la mu 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi linaletsa miyambo yoika moyo ndi ulemu wa munthu pachiswe, ndipo wolakwa atha kukhala kundende zaka zisanu. Lamulo la maukwati la mu 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu kuti ngakhale makolo asakhale ndi mphamvu yololeza ukwati wa mwana wosafika zaka zimenezo. Mwaona tsono kuti boma linalowerera kale m'nkhanizi. Amene tatsala m'mbuyo ndife a pamudzi.

Ndikudziwa zimene ena amayankha. Amati zaufuluzi zinabwera ndi azungu ndi mabungwe, ndipo zawononga mabanja. Funso loyamba n'lakuti, kodi kumva kupweteka kunabweranso ndi azungu? Makolo athu anaika ankhoswe chifukwa ankadziwa kuti banja silingasiyidwe m'manja mwa anthu awiri okha. Mwa Amang'anja, mkamwini wozunza mkazi ankalongedzedwa katundu ndi eni mudzi. Mwa Asena, mkazi ankapita kumudzi kwa mwamuna, koma sankasiya kukhala mwana wa kwawo, ndipo alongo ake ankatha kubwera kudzafunsa. Kulowerera si chinthu chachilendo kwa ife. Chachilendo ndi ankhoswe amasiku ano amene ntchito yawo yangotsala kunena kuti bwererani kunyumba, banja ndi kupirira, osamufunsa mwamunayo kanthu. Komanso malamulo ndatchulawa anapangidwa ndi aphungu athu, osankhidwa ndi ife, ena mwa iwo ochokera kuno ku Chigwa cha Shire. Pangano la mayiko a mu Africa loteteza ufulu wa amayi linakhazikitsidwa mu 2003 ku Maputo, likulu la abale athu a ku Mozambique. Ku Dedza, mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo kusukulu, ndipo inachita zimenezi ndi mphamvu ya ufumu wa makolo. Wonena kuti kuteteza mkazi ndi chizungu akunyoza makolo ake omwe.

Ena amati, "Ndinalowola, ng'ombe zanga zili kwawo, ndiye ndi wanga." Ana anga, mvetsetsani bwino apa, makamaka inu anyamata amene mukusonkhanitsa ndalama za malowolo pochita kabaza kapena kugulitsa nsomba. Malowolo ndi chizindikiro chothokoza ndi chomanga ubale pakati pa mitundu iwiri. Akanakhala mtengo wogulira munthu, bwenzi wolowolayo ali ndi mphamvu yomugulitsanso kwina, ndipo tonse tikudziwa kuti zimenezo ndi ukapolo, umene chigwa chino chinauona ndi maso pamene anthu ankagwidwa m'midzi ya m'mbali mwa Shire n'kutengedwa kupita kunyanja yaikulu. Palibe mtundu umene umalandira ng'ombe uku ukunena kuti mwana wathuyu kamuthyoleni mkono. Vuto limabwera pamene malowolo asanduka chingwe: mayi akuzunzidwa koma sangachoke chifukwa atate ake anadya kale ng'ombe ndipo alibe chobweza. Pamenepo makolo aika chiweto patsogolo pa moyo wa mwana wawo. Inu amene mudzakhala atate ndi amalume mawa, lonjezani kuti mwana wanu wamkazi akadzabwera akulira simudzayamba kuwerenga ng'ombe musanaone mabala ake.

Pali nkhani ina yowawa imene sitingaidumphe, pakuti inachitikira m'boma lathu lomwe lino. Mu Julaye 2016 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya Eric Aniva wa ku Nsanje, amene ananena yekha kuti ankalipidwa kuti agone ndi atsikana otha msinkhu ndi amayi amasiye pa miyambo ya kusasa fumbi ndi kulowa kufa, ndiponso kuti anali ndi kachirombo ka HIV. Mtsogoleri wa dziko Peter Mutharika analamula kuti amangidwe, ndipo mu Novembala chaka chomwecho khothi linamulamula kukakhala kundende zaka ziwiri potsatira lamulo la mu 2013 lija. Anthu ambiri kuno anakwiya ponena kuti nkhaniyo inakokomezedwa ndipo inaipitsa mbiri ya Nsanje yense. Mkwiyo umenewo ndi womveka, chifukwa mabanja ochuluka kuno sachita zimenezi, ndipo mafumu ndi mipingo akhala akulimbana nazo kwa zaka. Komabe taganizani za chinthu chimodzi: munthu ameneyu sankathyola zitseko. Ankaitanidwa, ankalipidwa, ndipo panali achibale amene ankauza mayi woferedwa kuti akakana, imfa itha mudzi wonse ndipo mlandu udzakhala wake. Mayi amene wangoika mwamuna wake m'manda, n'kuopsezedwa chotere, sanavomere mwa kufuna kwake. Kundende kunapita munthu mmodzi, koma olakwa anali ambiri. Mbiri ya boma lathu siikonzedwa pobisa zoterezi, ikonzedwa pozithetsa. Mwambo unapangidwa kuti usunge anthu, ndipo ukayamba kuwapha, eni ake ali ndi mphamvu youkonza monga anachitira makolo pa miyambo ina imene lero sitiikumbukanso.

Chitsutso chimene chili cholemera kuposa zonse ndi cha umphawi, ndipo sindichipeputsa. Mayi amafunsa kuti, "Ndikawamangitsa bambowa, ana adya chiyani?" Kuno kumene chilala ndi madzi osefukira zimasinthana, funso limeneli si lachibwana. Koma tiyeni tiliyang'ane mbali zonse. Choyamba, kudandaula sikutanthauza ndende nthawi zonse. Khothi litha kupereka chiletso, litha kulamula bambo kupereka thandizo la ana, ndipo ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa nkhani zambiri zimayamba ndi uphungu ndi chenjezo. Chachiwiri, nkhanza nazo zimadya chuma cha banja. Mayi wothyoka nthiti sapita kudimba, sachita geni, ndipo ndalama za thonje zimathera kuchipatala. Ana okula akuona amayi awo akumenyedwa amalephera sukulu, ndipo ambiri amadzachita kapena kulolera zomwezo m'mabanja awo. Chachitatu, mayi akafa ndi chibakera, bambo amapitabe kundende, ana n'kutsala opanda kholo ndi limodzi lomwe. Choncho kupirira sikupulumutsa ana monga timaganizira. Chimodzimodzinso kukwatitsa mwana chifukwa cha njala. Thumba la chimanga limene mkamwini wabweretsa limatha mwezi umodzi, koma mtsikana wobereka thupi lisanakhwime akhoza kufa pochira kapena kutsala ndi matenda a fisitula, ndipo sukulu imene ikanatulutsa banja lonse mu umphawi yathera pomwepo.

Inu a ku Bangula mukudziwa bwino kuti nthawi ya tsoka ndi imene amayi amakhala pachiopsezo chachikulu. Munaona madzi a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019 pamene anthu zikwizikwi, ena ochokera ku Mozambique, anadzaza msasa wa pa ADMARC, kenako namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Pamsasa anthu amagona mothithikana, zimbudzi zimakhala patali, kuunika kumakhala kochepa, ndipo mtsikana amayamba waganiza kawiri asanatuluke usiku. Chakudya chikachepa, aliyense amene wagwira kaundula wa mayina amakhala ndi mphamvu yaikulu, ndipo wopanda chikumbumtima akhoza kuuza mayi kuti dzina lako lilowa ukandionako madzulo. Zofanana ndi zimenezi zimamveka m'madoko, kumene mayi wa geni amauzidwa kuti nsomba azipeza akavomera kugona ndi msodzi. Thandizo la pa ngozi ndi ufulu wa wovutikayo, silogulitsa, ndipo wofuna thupi la munthu posinthana ndi ufa kapena lona wapalamula mlandu. Tsono taonani: Shire akaphulika pa dimba la munthu mmodzi, palibe amene amati zimenezo ndi za mwini dimba. Aliyense amakuwa, amadzutsa anzake, amatulutsa bwato, podziwa kuti madziwo sathera pamenepo. Nkhanza zifunika kuti tizizitenga motero.

Anyamata ena amafunsa kuti, nanga amuna sachitidwa nkhanza? Amachitidwa, ndipo lamulo la mu 2006 limateteza mwamuna ndi mkazi mofanana. Bambo wothiridwa madzi otentha ndi mkazi wake ali ndi ufulu wodandaula, ndipo womuseka walakwa. Koma kunena zimenezi sikufafaniza choonadi chakuti ochuluka mwa ogwiriridwa, okwatitsidwa ali ana ndi olandidwa chuma cha masiye ndi akazi. Ena amati kudandaula n'kutaya nthawi chifukwa olandira madandaulo amachedwa kapena amakondera. N'zoona kuti zoterezi zimachitika, ndipo polisi ndi khothi zili kutali ndi midzi yambiri, makamaka kutsidya nthawi ya dzinja. Komatu apa ndi pamene mawu akuti ufulu amaonetsa mphamvu yake, chifukwa amamanga ngakhale boma lenilenilo. Mu Okutobala 2019 amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika m'boma la Lilongwe anadandaula kuti anagwiriridwa ndi kuzunzidwa ndi apolisi. Bungwe la maloya achizimayi linatengera nkhaniyo kukhothi, ndipo mu Ogasiti 2020 bwalo lalikulu linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipepeso. Anali amayi akumudzi ngati amayi anu. Ngati lamulo linatha kuweruza anthu ovala yunifolomu, silingalephere kuweruza bambo wa pakhomo.

Tsono kwa inu anyamata ndikuti, uchamuna suli m'chibakera. Amene amakuuzani kuti kumenya ndi mankhwala a banja akukunamizani, chifukwa mkazi womenyedwa amaopa, ndipo mantha si ulemu. Mowa usakhale chonamizira, pakuti woledzera yemweyo samenya mfumu kapena wapolisi, amasankha wofooka amene sangabweze. Mtsikana akakana wakana, kaya munamugulira foni, kaya munamukweza njinga ulere, kaya ndi mkazi wanu wa ukwati. Kugona ndi mwana wamng'ono ndi mlandu umene chilango chake chitha kufika pokhala kundende moyo wonse, ndipo kunena kuti anavomera yekha sikungakupulumutseni. Mkwiyo ukakwera tulukani panja, pitani kwa ankhoswe, kambani kukacha. Ndiponso musakhale chete mnzanu akamadzitama pabwalo la mpira kapena pa siteji ya kabaza kuti dzulo wamuphunzitsa mkazi wake. Kuseka kwanu ndiko chilolezo chake. Mawu a mnyamata mnzake amamufika pamtima kuposa a mlendo wobwera pa galimoto ya bungwe.

Kwa inu atsikana ndikuti, thupi lanu ndi lanu, ndipo kuchitidwa nkhanza si manyazi anu, ndi manyazi a wochitayo. Musakhulupirire kuti nsanje yomenya ndi chikondi. Amene wakumenyani muli pachibwenzi sadzasintha chifukwa cha ukwati. Gwiritsitsani sukulu, ndipo ngati mwatenga mimba dziwani kuti kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka. Wina akagwiriridwa, athamangire kuchipatala asanathe maola 72, chifukwa mkati mwa nthawi imeneyo mankhwala otchedwa PEP amatha kuteteza ku kachirombo ka HIV, ndipo achipatala amathandizanso kupewa mimba ndi kulemba umboni wofunika kukhothi. Nkhani yogwiririra isathere pa mfumu polipitsa mbuzi kapena nkhuku, chifukwa umenewo ndi mlandu wa polisi ndi khothi. Pitani ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, kwa alangizi oteteza ana a m'dera lanu kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Pa foni mutha kuimba mwaulere pa 116 ngati nkhani ikukhudza mwana, kapena pa 5600 pa nkhani za nkhanza. Woyamba kumuuza akapanda kukumverani, uzani wachiwiri.

Ana anga, malamulo alipo, ndipo ndi abwino, koma lamulo silimva kukuwa kwa usiku. Amene amamva ndi woyandikana naye nyumba, mlongo, mphunzitsi, mkulu wa mpingo, nyakwawa ndi inu. Posachedwapa ndinu mudzakhale ankhoswe, anamkungwi, mafumu ndi olemba mayina pamisasa, ndipo zimene mudzalolere ndi zimene zidzatchedwe chikhalidwe cha kuno. Musadzabweze mwana wanu kwa munthu amene akumupha pang'onopang'ono. Musadzalandire malowolo a mwana wa sukulu. Musadzakakamize mayi woferedwa kuchita mwambo umene iye sakufuna, kapena kumulanda munda ndi malata a nyumba yake. Mukamva mayi akukuwa, dzukani, itanani anzanu, kagogodeni pachitseko, ndipo kukacha kanenani kumene kuyenera. Kuchita zimenezi si kulowerera za eni, ndi kuteteza moyo ndi ulemu wa munthu mnzanu, ndipo udindo umenewu ndi wanu kuyambira lero.